Mafuta Akasamuka

Adaulfo Villasmil anali munthu wa thabwa la khumi, ndipo aliyense amene anaponyako mpira wa boling'i ku kalabu ya ogwira ntchito za mafuta ku Cabimas ankadziwa zimenezo. Kanjira ka boling'i, masewera okunkhuniza mpira wolemera kuti ukagwetse mapini, kamakhala ndi matabwa ang'onoang'ono 39 oyalidwa mogundana, ndipo woponya amasankha yekha loti mpira wake udutsepo. Adaulfo anasankha la khumi kuchokera kumanja m'chaka cha 1983, ndevu zisanamere bwino, ndipo sanaonenso chifukwa chosankha kachiwiri.

Anali wotero pa chilichonse. Anagwira ntchito imodzi zaka 34, kuyendera mapampu a mafuta aja ogwedeza mitu usana ndi usiku. Anakwatira mkazi mmodzi, Nelitza, nakhala m'nyumba imodzi ya kampani. Womumeta tsitsi atamwalira, iye anayamba kudzimeta yekha pagalasi m'malo mopereka mutu wake kwa mlendo. Anthu otere timawatama pamaliro awo, koma kukhala nawo timu imodzi ndi chilango.

Chinsinsi cha masewerawa ndi mafuta. Kanjira aka amakapaka mafuta kuyambira poponyera mpaka kupitirira pakati. Mpira umatsetsereka pa mafutawo, ndipo ukafika pouma umagwira matabwa n'kukhota kulunjika mapini, timitengo khumi toima kumapeto. Mafutawo saoneka ndi maso. Munthu amawadziwa mpira ukabwerera, chifukwa umabwera ndi mzere wonyezimira woti aupukute. Kwa zaka zoposa makumi atatu makina a kalabuyo ankapaka mofanana Loweruka lililonse, ndipo thabwa la khumi silinamunamizepo Adaulfo. Mpira wake unkatsetsereka, kukhota, n'kulowa m'mapini ngati ng'ombe yodziwa khola lake.

Anali ndi mwana mmodzi, Eudomar. Anamuphunzitsa yekha kuponya, kumuimika pomwe iye amaima, kumulozera thabwa lomwe lija. Mwanayo anamvera mpaka zaka makumi awiri. Kenaka tsiku lina anasuntha, nakaima kumanzere kwenikweni, pafupi ndi pobwererera mipira. Anaponya modutsa pakati pa kanjira, mpira n'kupita kumanja ngati ukukagwera m'ngalande, kenaka n'kubwerera ndi ukali. Mapini onse pansi. Kuno kugwetsa onse khumi ndi mpira umodzi timati chuza, ndipo mnyamatayo anamenya machuza asanu otsatizana bambo ake akuonerera nkhope ili gwa.

"Kudzionetsera kumeneko," anatero Adaulfo ali pa njira yobwerera kunyumba. "Munthu amakhala ndi malo ake."

"Bambo, malo ndi pomwe pali mafuta," anayankha Eudomar. "Mafuta akasamuka, nanunso samukani."

Anakangana pa mawu amenewo zaka zisanu ndi zitatu, akusewera timu imodzi, ya Balancines, dzina la mapampu ogwedeza mitu aja. M'zaka zomwezo mapampu enieniwo anayamba kuima limodzilimodzi. Magetsi anayamba kuzima masana onse, moti ligi inasamukira m'mawa. Anthu anayamba kuchoka. Matimu a anthu asanu anasanduka a anayi, kenaka a atatu. Balancines inatsala ndi Adaulfo, Eudomar ndi mayi Ligia Boscán, namwino wopuma ntchito, wa mawondo otupa ndi pakamwa posakhala chete.

Mu 2017 Eudomar anagula tikiti ya basi. Anati akupita ku Peru, akakapeza pogwira adzawaitana. Adaulfo anakanitsitsa kwamtuwagalu. Anati kuno ndi kwawo, zinthu zibwerera mwakale, wothawa mvula amakapeza matope. Basiyo inkanyamuka Loweruka m'mawa. Nelitza anaperekeza mwana wake ku depoti. Adaulfo anatenga chikwama cha mpira napita ku ligi, poti linali Loweruka.

Pa ligi pali lamulo lakale. Munthu akajomba, dzina lake silifufutidwa. Amamulembera mapointi amene amapeza masiku onse, kuchotsapo khumi ngati chilango chojomba, ndipo tsiku limenelo amatchedwa wakhungu. Eudomar ankapeza 188. Tsiku la basi lija mlembi wa ligi, mayi Zuleima Nava, analemba m'kope kuti: Eudomar Villasmil, wakhungu, 178. Lamulolo analikonzera munthu wogona ndi malungo kapena amene wapita kumaliro, masabata atatu basi. Koma Zuleima anayang'ana nkhope ya Adaulfo nayang'ana kumbali, ndipo anapitiriza kulemba.

Chaka choyamba mauthenga ankabwera pafoni. Eudomar ankatsuka magalimoto ku Lima, likulu la Peru, ankagona anthu asanu ndi mmodzi chipinda chimodzi. Ankalankhula ndi amayi ake. Bambo ake akapatsidwa foni ankangofunsa za nyengo. Kenaka unabwera uthenga wakuti ku Peru zavuta, awoloka wapansi kupita ku Chile ndi anzake awiri, aimba akafika. Sanaimbe. Panapita mwezi, miyezi isanu, chaka. Nelitza anafunsa kutchalitchi, anatumiza chithunzi kwa aliyense amene ali ndi m'bale kumeneko. Palibe amene anati wamwalira, palibenso amene anati wamuona.

Choncho malo okhawo padziko lapansi pomwe dzina la Eudomar Villasmil linkalembedwa mwatsopano sabata iliyonse linali kope la Zuleima. Nelitza sankapondako ku kalabu. Koma Loweruka lililonse mwamuna wake akamalowa pachipata ankafunsa, "Mwana wapeza angati lero?" Adaulfo ankayankha kuti 178, ndipo mayiyo ankagwedeza mutu n'kupita kukapakula. Onse awiri ankadziwa chomwe akuchita. Panalibe wopenga m'nyumbamo, anali anthu awiri okha osowa mtengo wogwira.

M'chaka cha 2019 madzi anafika m'khosi. Pa tinjira khumi ndi tiwiri ta kalabuyo, togwira ntchito tinatsala tinayi, poti makina ena ankawagumula kuti akonzere anzawo. Tinjira tinayi timakwana matimu anayi, koma matimu analipo asanu. Anagwirizana kuti awiri otsikitsitsa akumane tsiku lomaliza, magemu atatu, mapointi onse pamodzi. Yogonja ithe, anthu ake alowe m'matimu ena. Otsikitsitsawo anali timu ya aphunzitsi ndi Balancines.

Zuleima anakokera Adaulfo pambali. "A Villasmil, ndinene poyera musadzati sindinanene. Balancines ikakhalapo, ine ndizilembabe monga ndimalembera, wondifunsa ndithana naye. Koma ikatha, inu ndi a Ligia mupeza malo. Wakhungu salowa timu yatsopano. Pamenepo dzanja langa silifika."

"Sitigonja," anatero Adaulfo. "Aphunzitsi aja ndinayamba kuwamenya asanabadwe."

Wosamalira tinjira anali Nerio, mlongo wake wa Nelitza, munthu wowonda amene anakalambira kuseri kwa makina a mapini. Makina opaka mafuta anali atafa kale, ndipo iye ankapaka ndi nsalu yomangirira kumtengo. Sabata imeneyo chitini chomaliza cha mafuta enieni a tinjira, aja ochokera kunja, chinauma. Tauni yonse ya Cabimas yakhala pamwamba pa mafuta, ena amachita kutumphuka okha m'mabwalo a anthu, koma oti apake tinjira tinayi Nerio anakawapeza ku sitolo ya mankhwala: timabotolo tiwiri ta mafuta odzoza makanda.

M'mawa wa Lowerukalo anamuchingamira mlamu wake pakhomo, atanyamula khofi m'kapu yapulasitiki.

"Alamu, bwerani ndikutsineni khutu. Mafuta anali ochepa. Ndapaka pakati pokha, kamzere ngati lamba. M'mbali monse ndi mouma ngati pakhosi pa chidakwa Lolemba. Thabwa lanu lija lero mulisiye."

"Mukanakhala odziwa kuponya, alamu, bwenzi mutakalambira mukukolopa?"

"Wokolopa ndi amene amadziwa pomwe pali ponyowa."

"Kanuzeni aphunzitsi. Ine ndikudziwa poima."

"Chabwino. Mlongo wanga anakwatiwa ndi mtengo wa magetsi, ndinawauza amayi kalekale," anatero Nerio, nabwerera kumakina kwake.

M'holomo munkanunkhira ngati m'chipinda cha mayi wachikuta. Anthu anaseka, wina anati lero mipira igona tulo. Adaulfo sanaseke. Anavala nsapato zake, naika phazi pomwe amaliika, naponya. Mpira unadutsa pa thabwa la khumi bwinobwino, koma usanafike n'pakati pomwe unagwira matabwa ouma, n'kukhota msanga, n'kudutsa kutsogolo kwa mapini onse kukagunda atatu a kumanzere. Utabwerera anaunyamula n'kuutembenuza. Panalibe mzere. Unali wouma ngati wangotuluka m'chikwama.

Aphunzitsi nawo anayamba choncho, koma aphunzitsi ndi anthu ozolowera kusinthiridwa mabuku chaka chilichonse. Pofika ulendo wachitatu anali atasunthira kumanzere, wina matabwa asanu, wina asanu ndi atatu, akufufuza pomwe pali mafuta. Ligia nayenso anasuntha, akudandaula za mawondo ake. Adaulfo anangowonjezera mphamvu. Anaganiza kuti akaponya mwaliwiro mpira sudzapeza nthawi yokhota. Unakhotabe, ndipo phewa linayamba kumuwawa. Gemu yoyamba anapeza 121, mapointi amene sanawaonepo chiyambire kumeta ndevu.

"Achimwene, sunthani," anatero Ligia. "Akamati mpira ukaphonyera kumanzere nawe pita kumanzere, ndi nyimbo ya ana imeneyo. Munandiphunzitsa ndinu."

"Mafuta amayenda. Mipira ikamadutsa iwakankhira m'mbali. Dikirani muone."

"Ayende kuchokera kuti? Timabotolo tiwiri?"

Sanali wopusa Adaulfo, ndipo ichi ndiye chimandipweteka pa nkhani yake. Ankaona zomwe aliyense akuona. Koma kusuntha kunali kupita komwe mwana uja ankaima, ndipo kuima pamenepo kunali kuvomera mawu amene anawakana zaka khumi, mpaka kukana kukafika ku depoti. Mtima wake unkamuuza kuti akangosuntha phazi, ndiye kuti Loweruka lija analakwa. Anasankha kuponyabe pouma. Gemu yachiwiri anapeza 117.

Anapuma pang'ono. Zuleima anawerengetsa n'kunena kuti aphunzitsi ali patsogolo ndi 61. Adaulfo anasuzumira m'kope. Pa mayina onse asanu ndi limodzi a tsikulo, wapamwamba anali mmodzi: Eudomar Villasmil, wakhungu, 178 ndi 178. Mafuta a makanda anasokoneza amoyo onse m'holomo, koma munthu amene palibe, mafuta samukhudza.

Gemu yachitatu anaiyambira pomwepo. Ulendo woyamba mapini asanu ndi atatu. Wachiwiri asanu ndi awiri, otsalawo atatalikirana ngati mano a nkhalamba. Wachitatu chimodzimodzi. Atabwerera pampando Ligia sanamunyoze. Anangolankhula motsitsa, akumanga bandeji pabondo.

"Mwana uja akutinyamula ali kosadziwika. Inu muli pompano, ndi maso anu awiri, ndinu mukumufufuta. Wakhungu weniweni pa timu ino ndani?"

Adaulfo anatenga chopukutira n'kupukuta mpira womwe unalibe chopukuta. Nthawi yake itakwana anakwera poponyera, naima pa malo ake akale, nakhalapo kanthawi. Kenaka anasuntha phazi lakumanzere. Thabwa limodzi, awiri, asanu, khumi, mpaka chidendene chinatsala pang'ono kugunda pobwererera mipira. Anthu amene anamuona zaka makumi atatu ataima pamodzimodzi anasiya kutafuna.

Kuchokera pamenepo kanjira kankaoneka kachilendo. Mapini ankaoneka ngati apendekeka, ngalande ya kumanja inkaoneka yaikulu yoti imeze mpira. Kuti uponye uli apa umayenera kuutumiza mpira kutali ndi komwe ukufuna kuti ukafike, n'kukhulupirira kuti ubwerera. Adaulfo anazindikira kuti izi ndi zomwe mwana wake ankaona Loweruka lililonse, ndipo iye sanafunepo kuzidziwa. Anaponya.

Mpira unatsetsereka pa lamba wa Nerio mwakachetechete, unapita kumanja mpaka kutsala pang'ono kugwa, unagwira pouma, n'kubwerera. Mapini onse khumi pansi.

Palibe amene anaomba m'manja. Mpira utabwerera anautembenuza, ndipo unali ndi mzere wonyezimira, wonunkhira khanda. Fungolo linamukumbutsa Eudomar ali wa miyezi itatu, Nelitza akumudzoza pabedi, iye akuchedwa ku ntchito chifukwa choonerera. Anachita manyazi aakulu, ndi chisoni chimene anachibisa zaka ziwiri chinamugwira. Mwana uja ananena zoona, ndipo sanali kunena za kanjira kokha. Anapukuta mzerewo pang'onopang'ono, nkhope atalozetsa kukhoma.

Anamenyanso chuza, kenaka lina, kenakanso lina. Sankakhala pansi, sankalankhula ndi munthu. Ligia ataona izi anaiwala mawondo nayamba kugwetsa nayenso. Nerio anatulukira kuseri kwa makina, manja ali bii ndi girisi, nakhala chiimire. Aphunzitsi anayamba kuyang'anana. Mapointi 61 aja anasanduka 40, kenaka 20. Adaulfo anamaliza ndi 214, ndipo atatsika poponyera Balancines inali patsogolo ndi mapointi ochepa.

Kunatsala munthu mmodzi, womaliza wa aphunzitsi, nkhalamba ina yophunzitsa za mapu. Ameneyu mpira wake sunkakhota. Ankangoukunkhuniza pakati, mowongoka, pang'onopang'ono moti munthu ukhoza kukagula zitumbuwa za mandoca panja n'kubwerera usanafike. Mpira wotere sufunsa za mafuta. Anagwetsa asanu ndi awiri, naponyanso n'kutola atatu otsalawo, napatsidwa mpira wowonjezera n'kugwetsa asanu ndi anayi. Anatembenuka osasangalala n'komwe, chifukwa nayenso ankaidziwa nkhani ya kope.

Zuleima anawerengetsa kawiri. Aphunzitsi anapambana ndi mapointi asanu ndi atatu.

Asanu ndi atatu. Adaulfo sanafune pensulo kuti adziwe tanthauzo lake. Akanasuntha ulendo umodzi wokha msanga, bwenzi atakwana. Ligia anayang'ana m'kope n'kunena kuti, "Akanapanda kumudula khumi mwanayu, gemu imodzi yokha..." Sanamalize. Lamulo limadula munthu chifukwa chosakhalapo, ndipo iye sanalipo.

"A Zuleima," anatero Adaulfo, mawu atasasa, "palibe njira ina?"

"Ndinakuuzani, a Villasmil. Pepani." Mayiyo anatenga rula, naligoneka pakope, nang'amba tsamba la tsikulo mosamala. Kung'amba tsamba m'kope la ligi n'koletsedwa, koma palibe amene anamuletsa. Analipinda kanayi n'kumuikira m'thumba la malaya.

Magetsi anazima Adaulfo akuvula nsapato. Nerio anabwera nakhala naye pabenchi mumdimamo.

"Alamu, ndikanapeza botolo lachitatu ndikanafika mpaka pa thabwa lanu. Ndinazungulira masitolo anayi."

"Munandiuza pakhomo," anayankha Adaulfo. "Si mafuta ayi."

Anayenda wapansi kubwerera kunyumba, dzuwa lili pamutu, chikwama cha mpira chikumukoka phewa lowawa lija. Anadutsa pampu yomwe anaiyendera zaka zambiri, itaima mutu uli pansi, udzu utamera mozungulira. M'mbuyomu akadutsapo ankati idzukanso. Tsiku limenelo anangodutsa.

Anthu amati Adaulfo analowa timu ina chaka chotsatira, ndipo n'zoona. Amaponyabe Loweruka lililonse, amaima paliponse pomwe pali mafuta, ndipo achinyamata ochepa amene atsala amamufunsa nzeru. Amawayankha mwachidule kuti ayang'ane mpira ukabwerera. Sanamvekenso akukangana ndi munthu. Ine amene ndinamudziwa ali mtengo wa magetsi ndimalakalaka akanakhalabe wovuta.

Koma tsiku lijalo atafika pachipata anapeza Nelitza atakhala pakhonde, akudzipepesa ndi katoni, foni ili pamiyendo monga mwa masiku onse.

"Mwana wapeza angati lero?"

"178. Magemu onse atatu. Palibe anamufika pa awiri oyamba."

"Ameneyo satsika," anatero mayiyo, nadzuka kuti akapakule. Atafika pachitseko anatembenuka. "Nanga sabata ya mawa mukumana ndi ati?"

Adaulfo anaika chikwama pansi. Anatulutsa tsamba lija m'thumba, nalitambasula, nalipereka ndi manja awiri.

"Timu yatha, mayi a Eudomar. Iye anachita mbali yake. Ndine ndinachedwa kusuntha."

Nelitza analandira pepalalo. Analiwerenga nthawi yaitali, chala chili pa dzina, ngakhale munalibe zambiri zowerenga. Sanalire, sanamudzudzule. Anayang'ana foni ija, nayang'ananso mwamuna wake.

"Ndiye tizimumvera kuti?"

Adaulfo anakhala chiimire pomwepo, dzuwa likumuwotcha m'khosi.